Gitala yochokera m'kabati ya apongozi

6 Epulo 2024: matabwa

Ntchito yanga ndi ya mabedi, zitseko ndi mafelemu, ndipo m'mudzi mukagwa zovuta, mabokosi. Gitala sindinapangepo. Wandiyambitsa ndi mwana wanga wachisamba, mtsikana woimba kwaya, amene wakhala akubwereka gitala ya mnzake yowerama khosi, moti akaimba nyimbo zitatu zala zimatuluka matuza. Titafunsa mtengo wa yatsopano ku Limbe tinangoyang'anana. Chigwereni kwacha mu Novembala chaka chatha, chilichonse chochokera kunja sichikugwirika. Ndiye ndati ndiyese ndekha pashedi yanga kuseri kwa nyumba, kufupi ndi Chitakale, madzulo ndikaweruka. Ndizilemba zonse, zolakwika zomwe, kuti wina asadzagwe m'mbuna momwe ndigwe ine.

Mawu a gitala amachokera pa thabwa la pamwamba, lija lili ndi chibowo, limene ine ndizilitcha nkhope. Mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, mu 1862 anapanga gitala ya msana ndi m'mbali za mapepala omatamata, nkhope yokha ndiyo inali ya thabwa labwino, ndipo inalira bwinobwino. Anzathu kunja nkhope amapangira mtengo wa spruce, umene kuno kulibe. Paini ndamuyesa pomugogoda ndi chala: mfundo mbwee, mizere yotalikirana, kulira kwake ngati chitseko. Chimene ndapeza ndi shelefu ya m'kabati yakale ya apongozi anga, mkungudza weniweni wa m'phiri, yopalidwa ine ndisanabadwe. Ndi yotalika masentimita 62, mulifupi 21, kuchindikala mamilimita 24, ndipo ukayang'ana kumapeto mizere yake ndi yoimirira, yothinana ngati mano a chipeso. Ine pano ndine mkamwini, choncho ndinachita kunjuta popempha. Apongozi anayankha kuti, "Tengani bambo, koma mukaononga musadzabwerenso kudzapempha chitseko chake."

Mnyamata wina atamva kuti ndikufuna mkungudza anabwera kutada, thabwa lili pamutu. Ndinam'bweza. Mtengowu umamera wokha pa phiri la Mulanje basi, unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza ikuluikulu yamoyo 7 yokha m'phiri monsemo. Ngakhale tisiye za lamulo, thabwa lakelo linali laliwisi, lolemera ngati chinangwa chongokumba kumene.

Za msana, m'mbali ndi khosi ndagula matabwa awiri a mbawa, K22,000 lililonse. Kachidutswa ka muwanga kodzaikapo zala K6,000, ndi kaphingo kodzasemera buliji, kathabwa ka pankhope komangirapo nsambo, K3,000 kwa wosema ziboliboli ku Likhubula.

27 Epulo: kung'amba shelefu

Nkhope imapangidwa ndi matabwa awiri opyapyala ong'ambidwa ku thabwa limodzi, n'kuwatsegula ngati buku, kuti mizere ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere. Ndinkaganiza kuti m'mamilimita 24 aja nditulutsamo anayi, nkhope ziwiri, ina yosungira. Maloto a chumba. Sowo yanga ya manja itafika pakati inayamba kuyenda njira yake, kunja ikuoneka ili pamzere koma m'kati ikukhota. Ndatulutsa awiri abwino ndi limodzi lopyapyala mbali imodzi ngati mpeni. Ndiye kuti nkhope ndi imodzi yomweyi, ikafa yafa.

Chimene ndaphunzira mochedwa: yambani mwalemba mzere kuzungulira mbali zonse zinayi, chekani kamsewu kosaya kuzungulira konseko, kenako muzicheka kuchokera m'makona, mukutembenuza thabwa pafupipafupi. Sowo imatsata kamsewuko. Ndachita choncho pa mbawa ndipo zayenda, ngakhale zatenga madzulo asanu ndi phewa lotupa.

Kulumikiza mbali ziwiri za nkhope sikunavute. Ndinazipala pamodzi m'mphepete, n'kumaziyang'anitsa kudzuwa mpaka kuwala kutasiya kudutsa pakati. Popanira sindinagwiritse makalampu, chifukwa thabwa lopyapyala limatumphuka. Ndinakhoma misomali patebulo mbali zonse ziwiri mothinitsa pang'ono, matabwa atatukuka pakati ngati denga, ndinapaka guluu n'kudinikiza, n'kusanjikapo njerwa. Guluu woyera wa matabwa, botolo la K7,500. Mkungudza uli ndi mafuta ake, aja onunkhira amene chiswe chimathawa, choncho ndinayamba ndapukuta m'mphepetemo ndi sipiriti. Shedi yonse ikununkhira moti mayi a kunyumba akuti zovala zanga zikumveka bokosi la Chitakale lija amagulitsa kwa azungu.

18 Meyi: Limbe

Ndinapita kukasaka zitsulo. Makiyi atsopano okungira nsambo mtengo wake ndi wa thumba la chimanga. Ndinapeza gitala yakufa ya pulayiwudi, yosweka mimba, kwa wogulitsa zakale mumsika, tinagwirizana K15,000. Makiyi ake onse 6 ndi amoyo, timapini ta pa buliji tiliponso, ndipo ndaiphwasula kuti ndione m'kati momwe anaikira nthiti. Mafureti ake, tizitsulo topingasa pakhosi tija, ndi odyeka, sangagwire ntchito. Ndatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mphwanga amene ali ku Joni kuti andigulire waya wa mafureti adzapatsire munthu wobwera pa basi. Thiransipoti K9,000, sandipepa wosiyanasiyana K8,000.

Chikombole ndapanga ndi zidutswa za bulokubodi zotsala ku kabati ya kasitomala. Thupi lidzakhala masentimita 49 kutalika, 38 kumatako, 23 m'chiuno.

8 Juni: kupinda m'mbali

Apa m'pamene ndinatsala pang'ono kuisiya ntchitoyi.

Chopindira ndi paipi yachitsulo ya mamilimita 70, yotalika ngati mkono, imene wowotcherera anandilumikizira ku kachitsulo koti ndimangire patebulo, K5,000. Musatenge paipi ya madzi yoyera ija, ikapsa utsi wake umadwalitsa. M'kati ndimaikamo makala a moto ochokera pambaula, mwana wanga wamng'ono akukupiza ndi chivundikiro cha poto. Kudziwa kuti yatentha mokwanira, dontheza madzi: akangouma phwii ndiye kuti sinafike, akamavina n'kugudubuzika ndiye nthawi yake.

Thabwa loyamba ndinalisiya mamilimita 3 poopa kuti lingafooke. Ndinalinyika m'bafa usiku wonse. Pofika m'chiuno, pamene pamapindika kwambiri, linangoti phwa! Lachiwiri ndinalipala kufika 2.5, ndinanyikanso, nalonso linatukuka timinyewa kunja kwake ngati nzimbe yotafuna. Mbawa ili ndi khalidwe loti minyewa yake imapingasana, mzere wina kuloza uku wina uko. Ndicho chimaipatsa maonekedwe okongola aja, ndipo ndicho chimazula chopalira n'kuthyola popinda. Madzi ambiri amangofewetsa timinyewato kuti titukuke.

Ndinakhala sabata osalowa m'shedi. Kenako ndinachita zitatu. Ndinapala mpaka mamilimita 2, osati ndi chopalira koma ndi chidutswa cha sowo yakale chimene ndinachinola m'mphepete, mmene timapalira mpini wa khasu ndi galasi losweka. Sindinanyikenso, ndinkangowaza madzi pang'ono pamene ndikupinda. Ndipo kunja kwa thabwa ndinagwirizizako kalata kopyapyala kodula ku chitini cha mafuta ophikira, kuti minyewa isapeze potulukira. Kenako kudekha. Umaligwedeza pa paipi uku ndi uku, osakakamiza, mpaka m'manja umamva lokha lafewa, ngati mmene nsima imakuuzira pa mthiko kuti yakwana ufa. Likafewa umapinda pang'ono, n'kusuntha chala chimodzi, n'kudikiranso. Mbali imodzi inanditengera mphindi 50. Pali mabala awiri akuda opserera m'chiuno, koma ali m'kati, sadzaoneka. Makala a K4,000 atha, ndipo chala changa chachikulu chili ndi chithuza.

Ndazipanira m'chikombole, ndamata timatabwa ta kukhosi ndi kumatako. Timizere tolimbitsa m'mphepete ndapanira ndi mapegi oyanikira zovala okulunga malegeni. Mapegi 60, onse a pachingwe cha mayi, zimene zinabweretsa mlandu wake.

13 Julayi: nthiti

Chiperoni chagwa masiku anayi, phiri silikuoneka, minda ya tiyi yangoti mbuu. Makasitomala sakubwera, ndiye ndapeza mpata wokhala m'shedi tsiku lonse.

Nkhope ndaipala kufika mamilimita 2.9 pakati, 2.6 m'mphepete. Choyezera ndinabwereka kwa wokonza njinga zamoto. Ukaigwira ndi zala ziwiri pafupi ndi kona n'kuigogoda, ikulira ngati kang'oma kakutali, kulira kotalika. Chibowo cha mamilimita 100 ndadula ndi kathabwa kokhala ndi msomali mbali ina, lezala mbali ina, kuzungulitsa pang'onopang'ono. Chokongoletsa ndi kamkombero kamodzi ka mbawa, basi.

Nsambo za waya zikamangidwa zonse zimakoka pafupifupi makilogalamu 70, kuposa thumba la chimanga, usana ndi usiku, pa thabwa losakwana mamilimita 3. N'chifukwa chake kunsi kwake kumaikidwa nthiti. Ndatsata kaikidwe kopingasa ngati X, kamene kanatchuka ndi magitala a Martin ku America. Nthiti ndasema ku chidutswa chachitatu chija cha mkungudza, mamilimita 7 mulifupi, 14 msinkhu, zokhota pang'ono kunsi kuti nkhope idzatukuke ngati chipumi. Popanira ndadula nsungwi zopyapyala, zotalikirapo kuposa mpata wa pakati pa tebulo ndi shelefu ya pamwamba pake, n'kuzipinda kuti zidinikize nthiti iliyonse. Nsungwi 24, zaulere, ndipo zagwira kuposa makalampu.

Guluu akuchedwa kuuma chifukwa cha nyengoyi, koma wagwira. Ndagona wosangalala.

3 Ogasiti: khosi

Iyi ndi ntchito ya ukalipentala wamba. Mutu ndaudula mopendeka madigiri 15 n'kuutembenuza n'kumata, kusiyana n'kusema khosi lonse ku chipika chimodzi, chifukwa losema limathyokera pamutu. M'kati ndakumba kamsewu n'kugonekamo kapaipi kachitsulo ka makona anayi ka mamilimita 10, K3,500, komata ndi guluu wosakaniza wa machubu awiri uja, K6,000. Sikamangika kapena kumasulika ngati ka m'magitala a masiku ano, koma a Martin omwewo anakhala akuika chitsulo chosasuntha mpaka 1985. Khosi lidzagwira ku thupi ndi mabawuti awiri a bedi, K2,500, kuti likadzavuta ndidzangomasula.

29 Ogasiti: nkhope yapindika

Ndinaisiya nkhope pashelefu milungu isanu ndi umodzi ndili kalikiliki ndi zitseko za sukulu ina. Lero poitsitsa mtima unangoti myuu. Ija ndinaisiya yotukuka ngati chipumi yalowa m'kati ngati mbale, ndipo kumatako, chala chimodzi kuchokera pa mzere wolumikiza, pali mng'alu wotalika masentimita 9. Ukayang'anitsa kudzuwa kuwala kukudutsa.

Ndinainyamula m'thumba la shuga kupita nayo kwa madala amene anandiphunzitsa ntchito, amene anapala matabwa zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi. Gitala sanapangepo, koma anangoitembenuza kawiri n'kufunsa kuti, "Unamata liti?" Nditawauza anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, zaka zonsezi sunadziwe kuti thabwa limapuma? Chitseko chopachika pa chiperoni, Okutobala umalowetsapo dzanja. Nanga kapepala aka?"

Safunsa anadya phula. Chinachitika n'chakuti pa chiperoni paja nkhope inamwa chinyezi n'kufufuma mulifupi. Thabwa limafufuma ndi kunyala mopingasa mizere, koma mulitali silisuntha kwenikweni. Ine ndinamata nthiti mopingasa, nkhope ili chifufumire. Kunja kutayamba kuuma, nkhope inafuna kubwerera, nthiti zikukana, ndiye inapindika mpaka pofooka panang'ambika. Thabwa la zaka zoposa zanga, louma kalekale, koma likumwabe ndi kulavula madzi monga mwa nyengo. Pa bedi kapena pa tebulo timasiya mpata ndipo sitiona kanthu. Pa gitala mpata palibe.

Ndachotsa nthiti zonse ndi tchizulo, pang'onopang'ono, zotsalira n'kupala. Madzulo awiri. Nditamaliza, nkhope inagona yokha fulati, ndipo poyeza kumatako pamene mu Julayi panali mamilimita 380 ndapeza 377. Mamilimita atatu amenewo ndiwo anang'amba thabwa la apongozi. Iwo sindinawauze.

Kwa anzanga a ku Mulanje, Thyolo ndi konse kumene chiperoni chimafika: dulani, palani, pindani, semani khosi nthawi ina iliyonse, koma chilichonse chomata mopingasa mizere, nthiti za nkhope, nthiti za msana, kutseka bokosi, dikirani Sepitembala kapena Okutobala, ndipo muzimata masana dzuwa lili paliwombo, osati m'mawa mame asanaume. Gitala yomatidwa kouma ikafufuma nthawi ya dzinja imangotukuka. Yomatidwa konyowa ikauma imang'ambika.

21 Sepitembala: kubwereza

Mng'alu ndautseka. Ndinaukanula pang'ono ndi chala kunsi, n'kusisitiramo guluu mpaka atatulukira mbali inayo, n'kupanira ndi misomali ija. Kunsi ndamatako tizigamba tinayi ta mkungudza, tating'ono ngati chikhadabo, mizere yake yopingasa mng'aluwo. Kunja kukuoneka kamzere ngati tsitsi. Wodziwa adzakaona.

Mkungudza wa nthiti unatha, ndiye zatsopano ndasema ku paini wakale wa felemu ya windo, posankha pamene mizere ili yowongoka ndi yothinana. Ndinachita kuwaza ndi chikwanje m'malo mocheka, kuti thabwa ling'ambike motsata minyewa yake.

Ndapanganso kachida koonera chinyezi, popeza cha m'sitolo ndilibe. Ndi timatabwa tiwiri topyapyala ngati chikuto cha kope, totalika masentimita 30, kena kodula motsata mizere, kena mopingasa, tomatana msana ndi msana. Ndinatimata masana kotentha, ndipo ndakhomera mbali imodzi kukhoma. Kunja kukachita chinyezi kamakhotera kumanzere, kukauma kamawongoka. M'mawa uliwonse kamakhala katakhota chala chathunthu, pofika 11 koloko kabwerera. Tsopano sindimata kanthu kasanawongoke. Ana akukatcha "wanyengo".

Nthiti zitagwira ndinazisema ndi tchizulo, kuchepetsa kumapeto, ndikugogoda ndi kumvetsera. Apa sindinganame kuti ndikudziwa chimene ndimafuna kumva. Ndinasiya pamene kulira kunayamba kutalika ndiponso mantha atandigwira.

12 Okutobala: kutseka bokosi, ndi mafureti olakwika

Kutentha kwafika poti malata akulira okha. Msana ndi nkhope ndamata ku m'mbali tsiku limodzi, masana, n'kukulunga bokosi lonse ndi malegeni a chubu cha galimoto. Musanatseke, kumbukirani kathabwa kolimba ka pansi pa buliji, ine ndaika muwanga wa mamilimita 2.5, apo ayi timitu ta nsambo tidzadya nkhope. M'kati mwa msana ndalemba ndi pensulo dzina la mwana, chaka, ndi mawu oti "shelefu ya agogo". M'mphepete ndazunguliza kamzere ka mbawa, kukumba malo ake ndi mpeni ndi tchizulo, ntchito yotopetsa imene sindikufuna kuikumbukira.

Waya wa mafureti anafika, K14,000 pamodzi ndi ya wonyamula. Kutalika kwa nsambo ndasankha mamilimita 650. Malo a fureti yoyamba umagawa 650 ndi 17.817, zimapereka 36.5. Yachiwiri umachotsa 36.5 pa 650 n'kugawanso chimodzimodzi, mpaka kumapeto. Masamuwo mwana anandichitira pa foni ndipo anali olondola. Cholakwa chinali changa: ndinkayeza kuchokera pa fureti kufika pa inzake, ndi tepi ya ntchito yokhala ndi kambedza kogwedera, pensulo yonenepa. Paliponse ndinkaonjeza kachinthu kosaoneka, ndipo pofika fureti ya 12, imene iyenera kukhala pakatikati penipeni pa 325, ndinali pa 327. Ndinazindikira nditacheka kale. Muwanga wina, K6,000 ina.

Kachiwiri ndayeza zonse kuchokera pamalo amodzi, kumutu, ndi rula yachitsulo yoimata ndi tepi kuti isasunthe, ndikulemba ndi nsonga ya mpeni: 36.5, 70.9, 103.4, yachisanu 163, yachisanu ndi chiwiri 216.2, ya 12 pa 325. Timipata ta mafureti timafuna sowo yopyapyala, pafupifupi mamilimita 0.6. Ndinatenga mpeni wa hakiso n'kuukhuta m'mbali pa mwala wonolera mpaka mano atasiya kutambalala, ndikuyesa pa chidutswa kufikira waya atalowa mothina. Pokhoma ndagwiritsa hamala yaing'ono, kuyamba m'mphepete kenako pakati. Atatu anakana kukhala, ndawadonthezera supagulu.

2 Novembala: fupa ndi vanishi

Timafupa tiwiri timene nsambo zimagonapo, ka kumutu ndi ka pa buliji, ndimafuna ta fupa lenileni osati pulasitiki. Ndinagula fupa la mwendo wa ng'ombe kubutchala, K1,500, ndinaliphika maola atatu, n'kuliyanika pa denga la khola la nkhuku. Galu wa aneba anakwera pa mtondo n'kulitenga ine ndikuona. Lachiwiri, K1,500 inanso, ndinayanika pamwamba pa nyumba. Fupa likapanda kuchotsedwa mafuta limadzathimbiritsa thabwa, ndiye ukalicheka umalinyika mu petulo masiku angapo. Ndi mmene mafuta akusowera miyezi ino, anthu akugona pamizere, wa kabaza amene ndinam'pempha theka la kapu anandiyang'ana ngati ndapenga nditamuuza kuti ndi la fupa.

Mbawa ili ndi timabowo tambirimbiri tomwe timamwa vanishi. Ndatseka ndi choyera cha dzira: kupaka, kukhuta ndi sandipepa wosalala chikadali chonyowa kuti fumbi la thabwa lilowe m'timabowomo, kudikira, kubwereza katatu. Mazira anayi. Vanishi wa mipando ndi wokhuthala, ukapaka ndi bulashi ngati pa tebulo nkhope imavala jasi n'kusiya kulira. Ndamusungunula theka ndi theka ndi thina, n'kumapaka ndi kansalu, kopyapyala, kasanu ndi kamodzi. Zonse K16,000. Mdani ndi fumbi la mumsewu ndi tizilombo touluka madzulo. Ndinapachika gitala m'kati mwa neti yakale ya udzudzu ndipo zinatheka. Pamene padzakhale buliji ndinamatapo tepi, chifukwa guluu sagwira pa vanishi.

23 Novembala: yalira

Buliji ya phingo ndinasema kale. Poika, kafupa sikakhala pa 650 ndendende. Chala chikadinikiza nsambo imakokeka pang'ono n'kukweza mawu, ndiye umabweza kafupa m'mbuyo, mamilimita 2 ku nsambo yaing'ono, pafupifupi 5 ku yaikulu, n'chifukwa chake kamaoneka kopendeka. Ndinayeza kanayi. Makalampu olowa pa chibowo ndilibe, choncho ndinaboola mabowo awiri a timapini ta kumapeto n'kumanga ndi timabawuti topyola mpaka m'kati, dzanja lili m'mimba mwa gitala mpaka m'chigongono. Ndinadikira masiku atatu.

Khosi linandivutitsa tsiku lathunthu. Rula yogoneka pa mafureti imayenera kukafika pamwamba penipeni pa buliji, koma yanga inkagunda mamilimita 3 kunsi. Apa mabawuti a bedi anandipulumutsa: kumasula, kukhuta chidendene cha khosi ndi sandipepa, kumanga, kuyeza, kasanu ndi kawiri.

Nsambo K12,000. Ndinamanga imodziimodzi, khutu lili pa buliji kumvetsera ngati china chikuthetheka. Mwana anatchuna ndi foni, anakhala pa chitseko chosamaliza cha kasitomala, n'kukhwacha kamodzi. Sindinayembekeze kuti ingakhale ndi mawu aakulu chotero. Nsambo zazing'ono zikulira mowala ndipo zikuchedwa kuzima. Zazikulu n'zowonda pang'ono, ndikuganiza kuti mantha aja anandisiyitsa msanga kusema nthiti. Fureti ya 9 inkalira ngati njuchi pa nsambo yachitatu, inali yotukuka, ndaikhuta ndi tupa. Pa fureti ya 12 mpata wa nsambo ndi mamilimita 2.5 ku yaikulu, 2 ku yaing'ono.

Apongozi anabwera atamva kulira. Anaigwira, anainunkhiza pa chibowo, n'kuloza kamzere ka mng'alu kaja ndi chikhadabo. "Apa panatani, bambo?" Ndinawauza zonse. Anangoti, "Kabati ija inali ya ukwati wanga," n'kumuuza mdzukulu wawo kuti aimbe ya Chilomwe.

M'kope mwanga ndalama zonse zakwana K164,500, osawerengera thukuta, mapegi ndi mazira.

21 Disembala: mvula

Mvula yagwa mlungu wathunthu, Likhubula wadzaza, ndipo "wanyengo" wakhota mpaka kupitirira pamene ndinalemba ndi pensulo. Mwana anabwera ku kwaya akudandaula kuti nsambo zalimba. Poyeza pa fureti ya 12 ndapeza 3.3 m'malo mwa 2.5. Khosi lili bwino, mng'alu sunatseguke, buliji sinatukuke. Nkhope ndiyo yafufuma n'kukweza buliji, monga ndinayembekezera.

Kutsitsa nsambo pa fureti ya 12 umachotsa kawiri kake pa kafupa ka buliji. Sindinakhute kakale, chifukwa chilimwe chikadzabwera nkhope idzatsika ndipo nsambo zidzagunda mafureti. Ndasema kena kofupikirapo ndi mamilimita 1.5 ku fupa lotsala lija. Pa kakale ndalemba C, pa katsopano D, chilimwe ndi dzinja, ndipo kosagwira ntchito kazikhala m'kabotolo ka mankhwala m'thumba la gitala. Thumbalo mayi ake akusoka ndi bulangete lakale ndi pepala la pulasitiki m'kati. Ndamuuza mwana kuti asaitsamiritse kukhoma la njerwa kapena kuisiya pansi pa simenti usiku.

Mphunzitsi wa kwaya wafunsa ngati ndingam'pangire yake. Mkungudza wina ndilibe, ndipo chitseko cha kabati ndinaletsedwa kale. Pali thabwa la sindireya limene ndaliika kudenga kuti liziuma. Ndamuuza kuti abwere mu Sepitembala.